Masipika Oima Pansi a Amalume aNgozo

Amalume aNgozo tawaika sabata yathayi. Pamaliro paja onse amene anaimirira kuyankhula anangoti malemuwa anali munthu wansangala, wokonda nyimbo, wina mpaka anati wokonda phokoso, anthu n'kuseka manda ali pomwepo. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi anzanga, khanda kumsana, dzanja lina nditagwira mwana wanga Malita kuti asasochere m'chigulu, chifukwa iyeyo akangochoka pamaso panga sindingamuitane. Phokoso limene ankasekalo ndi limene linandisungira mwana, ndiye ndati ndinene ine, poti palibe amene ananena.

Anali mlongo wa mayi anga, mwinimbumba wathu kuno kumapiri, kumtunda kwa Nsambe. Wamfupi, mapewa otambalala, akamayenda ankapendekera kumanja ngati asenza kanthu. Unyamata wawo anausiya ku Joni, pansi pa nthaka, atakumbatira chimakina chobowola miyala, ndipo makutu anawasiya komweko. Ankanena okha kuti anapita ndi makutu awiri, anabwerako ndi suti, gumbagumba ndi theka la khutu, ndipo pa zitatuzo chimene chinayamba kutha ndi khutulo.

Ukamayankhula nawo sankakuyang'ana m'maso, ankakuyang'ana pakamwa. Alendo ankachita manyazi, n'kumapukuta milomo poganiza kuti pamatirira kanthu. Ndiye kuyankhula kwawo, mayo ine! Kunong'ona sankakudziwa. Masiku ano munthu umayamba wacheuka uku ndi uku usananene kuti shuga wasowa m'golosale, koma iwo ankangoponya mawu pamsika ngati akuitana ng'ombe kutsidya kwa mtsinje. Akazi awo, aNaphiri, ankayenda chifupi nawo, zala zili tcheru kuti awatsine m'nthiti. Akatsinidwa ankafuulanso, "Wanditsiniranji? Ndanama?" Ine maso ankangokhala kwa anyamata oona makhadi a chipani pachipata cha msika paja. Mmene ankapulumukira adziwa ndi Mulungu. Mwina ankangowatenga ngati nkhalamba yogontha basi.

Amene anafikapo kunyumba kwawo anawaona masipika aja. Awiri, oima pansi, otalika kundifika m'chifuwa, a matabwa ofiirira, kumaso nsalu yakuda. Munthu woika kapu pamwamba pake analibe naye chifundo, kaya ndi mkulu wa mpingo. Batire la galimoto ankalimanga panjinga kupita nalo ku Neno kukalitchaja, zitunda zonse zija akukankha, pobwera malaya atanyowa ngati agwa m'madzi. Loweruka masana kunali simanjemanje ndi rumba, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi kunali makwaya, ndipo iwo ankakhala pampando wawo wa ndalema atavula nsapato, mapazi ali pansi, maso atatseka. Ankati nyimbo ili ngati mvula, ina imangonyowetsa tsitsi, koma yeniyeni ndi imene imalowa pansi n'kudzakupeza kumapazi.

Sindikuti anali mngelo ayi. Makani anali nawo, kupepesa sankakudziwa, ndipo pa masipikawo anali owuma manja. Ngakhale pa ukwati wa mwana wawo weniweni, aFuledi a ku Blantyre aja, anakana kuwatulutsa panja, ati fumbi. AFuledi sanaiwale.

Masipikawo kunja anatuluka kamodzi kokha. Chaka chatha kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu, n'kutumidwa anthu kudzawabwereka. Kukana sungakane, tonse tikudziwa. Amalume anayesa zawo zija, dzanja kukhutu, "Mwati bwanji? Mwati bwanji?" mpaka otumidwawo nkhope zinasintha, aNaphiri n'kuti tengani, ana anga, tengani. Ndiye iwo anavala suti, anakwera nawo ngolo, anakakhala pakati pa masipika awo tsiku lonse padzuwa, ambulera atafunditsa mabokosi osati mutu wawo. Wina anakweza mopitirira, chipepala chozungulira cha mkati mwa limodzi chinang'ambika. Aka kanali koyamba ine kuwaona amalume atatseka pakamwa pagulu, ndipo ndinathokoza. Kunyumba anamata pong'ambikapo ndi kansalu kopyapyala ndi sulushoni wa njinga, ndipo sanadye mpaka pataumiratu, mpaka Malita atatsamira bokosilo n'kugwedeza mutu kuti lachira.

Kuti mumvetse za Malita ndibwerere m'mbuyo.

Anabadwa akumva bwinobwino mwana wanga. Anali atayamba kale kunena mama, madzi, pusi. Ali ndi zaka ziwiri, nthawi imene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anadzaza ku Chifunga, anadwala malungo aakulu, okomoka nawo aja. Kuchipatala anayesetsa, mwana anadzuka, tinabwerera kumudzi tikuimba. Koma patapita masiku ndinayamba kuona. Ndikamuitana atafulatira, zii. Galu akauwa pambali pake, zii. Ndinkamuzembera kumbuyo n'kugwetsa mbale yachitsulo, nkhuku n'kubalalika, iye akungoseweretsa dothi. Timawu take tija tinayamba kugwa kamodzikamodzi ngati mano a mkaka, mpaka anangotsala ndi kulira, ndi kuluma akakwiya. Sindinkauza munthu. Ndinkaopa kuti ndikanena zikhala zoona.

Bambo ake anali ku Thyolo, ku tiyi. Amene anabwera ndi apongozi anga. Anamuyang'ana, anamuombera m'manja, anamugwedeza, n'kuti mwanayu si makutu ayi, amuchotsa nzeru anthu oipa, ndipo iwo akudziwa sing'anga kutsidya kwa malire amene angazibweze, amutenga akakhale naye komweko mpaka achire. Kutsidya, abale! Kumene anthu ankathawako, ena opanda ndi nsalu yomwe, kumene mfuti zinkamveka mpaka kwathu kuno mphepo ikachokera uko. Sindikuwanena apongozi, nawonso chinali chikondi. Koma ine ndinayamba kumubereka Malita ngakhale popita kumadzi, wolemera choncho, kuopa kuti ndikabwerako ndipeza apita naye. Amalume anayang'ana pakamwa pa apongozi mpaka anamaliza, n'kungoti mbumba ndi yawo, adikire mwezi uno uthe.

Nthawi imeneyo amalume anali atangogulitsa ng'ombe, ndipo aNaphiri anali atauza kale mudzi wonse kuti chaka chino udzu atsanzikana nawo, kukubwera malata. Amalume anati akupita ku Blantyre kukaona malatawo, ine ndi mwana titsagane nawo tikaonetse kuchipatala chachikulu. Tinapita. Adokotala anali munthu wofatsa, anamuyeza nthawi yaitali, n'kundiuza mosabisa kuti malungo aja anawononga makutu onse awiri, kwangotsala pang'ono penipeni, mankhwala palibe, koma akakula kuli sukulu ya ana otere. Ine za sukuluzo sindinazimve n'komwe. Ndinatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo. Ndikafika kumudzi ndi mawu akuti mankhwala palibe, apongozi ndiwaletsa ndi chiyani?

"Dzuka, Nambewe," anatero amalume, odwala onse apanja paja n'kutembenuka. "Tiye ku Limbe. Mkazi wangayu akandisankhire katundu."

Malita ankamutcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi adzukulu. Ine ndinkaganiza malata. Koma sitolo ya malata tinaidutsa osaima, tinakalowa ya mawailesi, momwe munali bambo wina wogulitsa, wa tayi ndi magalasi a maso.

"Takulandirani, madala. Wailesi?"

"Masipika. Aakulu. Oima okha ngati munthu."

Wogulitsa anayang'ana fumbi la pa nsapato zawo, n'kuwaonetsa ting'onoting'ono tokongola, topachika pakhoma, ati mawu ake ndi oyera ngati woimbayo ali m'nyumba momwemo, komanso sitidya malo.

"Zopachika n'za anthu a makutu, achimwene," anatero amalume. "Ife tabwera awiri, tonse tilibe."

Kenako anavula nsapato. M'sitolo, pamaso pa anthu, masokosi obooka! Manyazi anandigwira, koma iwo anayenda pamzere wa aakulu aja, n'kumagogoda lililonse m'mbali ndi chala chopinda, mmene timagogodera mtsuko pamsika, dzanja lina atagwira mbali inayo kuti amve mmene likunjenjemerera. Lonjenjemera ngati chitini ankalidutsa. Akatero ankalikumbatira n'kuyesa kulinyamula, likanyamuka mosavuta ankapukusa mutu, ati bokosi lopepuka ndi labodza, limavina lokha m'malo movinitsa anthu. Anapatulapo mitundu itatu. Ndiye anapisa m'chikwama n'kutulutsa mbale yawo ya nyimbo, yokulunga m'thaulo. Eti anainyamula kuchokera kumudzi! Apo m'pamene ndinadziwa kuti za malata panalibe chiyambire. Anauza wogulitsa kuti achepetse mawu opyapyala, akweze olemera, a ng'oma ndi a gitala wamkulu uja wa besi.

"Mutsitse mwanayo."

"Amalume, aswa zinthu za eni."

"Ndati mutsitse, Nambewe."

Anamuvula tinsapato, n'kumuimiritsa msana utagunda nsalu ya bokosi loyamba. Nyimbo inayamba. Mazenera a sitolo ananjenjemera, ine mpaka mano, koma Malita ankangoyang'ana fani yozungulira kudenga. Lachiwiri linkapuma mphepo pa kabowo kake kam'munsi, mphepoyo inamuuluzira diresi, anaseka pang'ono n'kuthamangira kwa ine. Ndinati basi tiyeni, tisamuvutitse mwana, anthu akutiyang'ana, ndipo analidi atadzaza pakhomo. Amalume sanandiyang'ane pakamwa, ndiye sanandimve, kaya anachita dala.

Lachitatu silinali lokongola kwenikweni, koma kulemera kwake wogulitsa anachita kulikoka. Amalume anagwada, mawondo akulira, anamugwira Malita pamapewa n'kumutsamiritsa. Wogulitsa anatsitsa singano pambale. Ng'oma itangoti du, du, du, mwana anauma thupi lonse. Maso anatuzuka. Anatembenuka msangamsanga n'kusuzumira kuseri kwa bokosi, kufuna amene akumugogoda pamsana. Sanapeze munthu. Anabwerera, anaika manja onse pansalu paja, kenako tsaya, kenako mimba. Ndiye ndinaona mawondo ake. Ankapinda, kuwongoka, kupinda, kuwongoka, osati mwachisawawa ayi, pamodzimodzi ndi ng'oma. Wogulitsa naye anaona, ananyamula singano dala, mwana anaima n'kumenya bokosi ndi kadzanja kake mokwiya. Atabwezera, anayambanso. Ndipo anatsegula pakamwa n'kuti buu, buu, mawu oyamba chithereni timawu take tija amene sanali kulira.

Mmene ndinapezekera pansi sindikudziwa. Ndinangomva mayi wina pakhomo akuti Ambuye Yesu, ndinaona wogulitsa akupukuta magalasi ake osamaliza. Amene sanadabwe ndi amalume okha.

"Ndi amenewa!" anafuula. "Mkazi wanga wasankha. Mangani awiri."

Anagula pamodzi ndi ampulifaya yake, kabokosi kowapatsa mphamvu, koyendera batire. Anagulanso mabulangete owafunditsa pamwamba pa basi, ndipo ulendo wonse mutu unali kunja kwa windo akukalipira kondakitala. Pamene basi inaima kuti injini izizire ndi pamene anandiuza kuti iwo anaona kale, ine ndisananene. Ankamuona Malita akubwera kudzaika dzanja pa gumbagumba yakale ija, chimodzimodzi mmene ankachitira iwo. Anati munthu wogontha si chitsiru, amangokhala m'nyumba yotseka, ndipo ukafuna kumupeza usamafuule pazenera, uzigogoda pansi.

ANaphiri anatichingamira pamsewu ndi anthu odzanyamula malata. Anangoona mabokosi awiri akutsitsidwa atafunda mabulangete ngati odwala.

"Malata ali kuti, aNgozo?"

"Wati bwanji?"

"Musandigonthere dala inu! Mvula ikabwera tifolera ndi rumba?"

ANaphiri anakakhala kwa mchemwali wawo masiku angapo, amalume akudya kwathu. Mkangano umenewo sunathe mpaka imfa. Dzinja lililonse denga likayamba kudontha aNaphiri ankaika beseni pansi n'kuwaloza ndi chala, amalume n'kudzuka kukasuntha masipika, mphasa yogonapo n'kuisiya ikunyowa.

Pansi pa nyumba yawo ndi pozira, ndipo anati dothi limameza nyimbo. Anazula chitseko cha khola lakale, anapempha matabwa ena, anakhoma kathandala pakona ya pabalaza n'kuimika masipika pamenepo, otalikirana, osagunda khoma, atawakhotetsa pang'ono kuti onse ayang'ane pakati. Tsiku lonse linatha akusuntha pang'ono, n'kukaima pakati opanda nsapato, n'kusunthanso.

Mwezi utatha apongozi anabwera, kachikwama ka ulendo kali m'manja. Ine ndinaima pakhomo ndikuyang'ana njira yothawira. Amalume sanatsutsane nawo. Anawapatsa mpando, anaika mbale, Malita anakwera yekha pathandala. Anavina. Akaimitsa nyimbo, amaima. Ataika yofatsa ya kwaya, anayamba kungoyendayenda pang'onopang'ono akugwedeza mutu.

"Asewere," anatero amalume, "munaonapo mwana wochotsedwa nzeru akutsata ng'oma chonchi? Nzeru zilimo zonse. Khomo lolowera ndi limene lasintha."

Apongozi anaika kachikwama pansi, anakwera pathandala n'kugwira mdzukulu wawo manja onse awiri. Za kutsidya sizinatchulidwenso.

Kuyambira pamenepo ntchito ya amalume inali Malita. Nyimbo ikatha ankamukhazika pamwendo, dzanja lake lina pakhosi pawo, lina pakhosi pake, n'kumamuuza liwu limodzi lomwelo kambirimbiri, iye akuyang'ana milomo. Mawu awo aakulu aja, amene tinkachita nawo mantha pamsika, ndi okhawo amene ankamufika. Lero Malita amanena mama, madzi, gogo, ndi iyayi, ndipo iyayi ndiye amamukonda kwambiri. Alendo samva, ife timamva. Ankati chaka chamawa akamusiya okha kusukulu ija, atavala suti, aphunzitsi akadziwe kuti mwanayu ali ndi eni ake.

Chifuwa cha kumigodi ndi chimene chawatenga. Chinayamba ndi kutsokomola kwa m'mawa, kenako suti inayamba kuwakulira, kenako njinga inawakanika. Batire linatha, nyumba inakhala zii. Ndinati ndilisenze ine pamutu mpaka ku Neno, anandikalipira kuti asidi andiwotcha pamodzi ndi khanda. Ndiye anauza aNaphiri kuti awayalire mphasa pafupi ndi thandala, ndipo masana Malita akaima pamenepo iwo ankagogoda thabwa ndi ndodo ali chigonere, du, du, du, mpaka dzanja litatopa.

Maliro atatha aFuledi anabwera ndi galimoto kudzatenga katundu wa bambo awo. Ndi ufulu wawo, ine ndine mphwa chabe. Ananyamula masipika, ampulifaya, gumbagumba, mbale zonse. Atafuna kuzula matabwa kuti atchingire katunduyo m'galimoto, aNaphiri, omwe aja a malata, anadzuka pamphasa ndi nsalu yawo yakuda n'kukakhala pakati pa thandala.

"Awa ndi a mkazi mnzanga," anatero akuloza Malita. "Ukazula, uzule pamodzi ndi ine."

Matabwa anatsala.

Tsopano ukalowa pabalaza paja pakona paoneka patali. Pathandala pali malo awiri a ngodya zinayi pomwe thabwa likadali loyera, fumbi ndi utsi sizinafikepo, ndipo pakati pake m'posalala ngati pathiridwa mafuta, pomwe pankaponda timapazi. Pakhoma patsala misomali yokhota imene inkagwira mawaya. Mpando wa ndalema aNaphiri aupinda, autsamiritsa kuseri kwa chitseko. Ine mantha andibwerera. Kusukulu kuja apita naye ndani, ine njira yake sindikuidziwa? Nanga timawu tija tikayambanso kugwa? Mawu angawa ndi opyapyala, samufika. Ndipo imfa ungaifotokoze bwanji ndi manja?

Dzulo masana ndinagoneka khanda, Yohane, pakhonde la aNaphiri, n'kupita kuseri kukayanika ufa. Pobwera ndinapeza nsalu yokha. Ndinathamanga uku ndi uku, kenako ndinamva kugunda m'nyumba. Ndinasuzumira. Malita anali atakhala pathandala, pakati pa malo awiri oyera aja, mlongo wake atamukhazika pamiyendo, msana wa khandalo ataukanikiza pachifuwa chake. Ankang'ung'udza ndi mawu olemera, okhotakhota, chidendene chikumenya thabwa, Yohane akuseka mpaka dovu. Yohaneyo amamva bwinobwino, koma Malita sakudziwa zimenezo, ndipo ine sindinamuuze. Ndinavula mapatapata, ndinaponda m'mphepete mwa thabwa. Zinkafika.